Nettie Boschman, Amene Amati Anayamba Kufika

Aliyense mu Ensfield amadziwa kuti munthu woyamba kukhala muno anali mlamu wanga Nettie Boschman. Zinalembedwa m'buku la mbiri ya tauni, zinalembedwa pakhoma la holo, ana a sukulu amaziloweza pamtima. Limeneli ndi bodza. Nyumba yoyamba kufika kuno inali yanga, ndipo inatha tsiku lathunthu ili pano yake isanatulukire. Ndanena zimenezi poyambirira kuti mudziwiretu amene akukusimbirani za moyo wake. Ndine Justina Zacharias, mkazi wa mlongo wake wa Nettieyo, ndipo mayi ameneyu ndamuchitira nsanje zaka makumi asanu ndi kanthu. Sindikubisa, ndakalamba.

Nettie anabadwa mu 1935 kumudzi wina wa cha kumtsinje, wachisanu ndi chitatu m'banja la ana khumi ndi mmodzi. Sukulu analekeza kalasi yachisanu ndi chimodzi, n'kumakama ng'ombe za bambo ake mpaka atakwatiwa ndi Cornelius Boschman, munthu wamtali wosayankhula amene tonse tinkamuti Corny. Iye mwini anali kamkazi kakafupi, koyenda ngati kakuthamangitsidwa, ndipo pakamwa pake sipankapuma. Akanatha kucheza ndi mzati wa mpanda mpaka mzatiwo kumuuza dzina la agogo ake. Ine sindili choncho. Nkhope yanga ikangokhala chete, anthu amati ndakwiya.

M'chaka cha 1960 mkulu wina, a Isbrand Ens, anatopa ndi munda wawo wamiyala umene unali m'mbali mwa msewu wopita kumzinda wa Saskatoon, n'kuyamba kuudula timapuloti. Anyamata a kumidzi kwathu anali atayamba kugwira ntchito mumzinda, ena yomanga, ena kophera ng'ombe, koma makolo ankaopa kuti ana akakagona mumzindamo ayamba kuvina. Ndiye malo a a Ens anali abwino kwa onse, pafupi ndi ntchito, kutali pang'ono ndi tchimo. Zomanga nyumba yatsopano panalibe ankazilota. Unkapeza nyumba yamatabwa yosiyidwa pafamu ina, kuikweza ndi majeke, kuikhazika pamitanda, lole n'kuikoka.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa mu Meyi, nyumba ziwiri zitatsogozana pamsewu wafumbi, yathu patsogolo. Ine ndinali m'lole, khanda pamiyendo, wotchi ya pakhoma ya amayi anga m'khwapa. Titawoloka njanji, ya a Boschman inakodwa. Chumuni chake chinali chachitali, chinakola mawaya a telefoni, ndipo anagona pomwepo kudikira anthu odzakweza mawayawo. Ife tinafika dzuwa likupendeka.

Puloti yathu inali kum'mawa kwa msewu, pamtetete, popanda ngakhale chitsamba. Mphepo inkawomba moti chitseko cha lole chinandipulumuka m'manja. Kutsidya kwa msewu, kumadzulo, kunali bwinja la famu yakale lozunguliridwa ndi mpanda wa mitengo ya karagana, ndi chitsime chake chomwe. Amuna anga a Diedrich anayang'ana uku, anayang'ana uko.

“A Ens, kodi uko n'kwa yani?”

“Konseko n'kwanga, mwana wanga. Khazika kumene mtima wako wafuna.”

“Ndiye sindingaike mkazi ndi khanda pamphepo, mpanda uli apo. Anyamata, khotetsani.”

Ndinawauza kuti pepala la puloti yathu likunena kum'mawa. Iwo anati pepala silitchinga mphepo. Munthu aliyense wokulira kuchidikha kuno akanawavomereza, pakuti kwathu nyumba umayamba waifunira kobisala mphepo, zina zonse pambuyo. Mawa lake masana nyumba ya Nettie inafika, n'kuikhazika kum'mawa, pamtetete paja, moyang'anana ndi yathu. M'nyengo yozizira yoyamba chipale chofewa chogwa kumwamba chinkawakwirira mpaka pazenera, ine ndikumwa khofi uku ndikuwamvera chisoni. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Pofika 1966 kum'mawa kuja kunali nyumba makumi asanu ndi limodzi, zonse zokokedwa ndi malole, zina zopendekeka. Boma linavomera kuti pakhale mudzi wodziimira pawokha, ndipo munthu wina wa ku ofesi, amene sanapondepo kuno, anajambula malire potsata msewu. Kum'mawa kunakhala Ensfield. Kumadzulo kunatsala m'manja mwa khonsolo ya mafamu, pamodzi ndi minda ya tirigu, ng'ombe za a Ens ndi ine. Chikwangwani cholembedwa dzina la mudzi ndi chiwerengero cha anthu anachizika moyang'anana ndi geti langa.

Ndinapempha a Diedrich kuti tibwereke majeke tiikwezenso nyumbayo, iwoloke. Anali atakumba kale chipinda chapansi n'kuthira simenti.

“Justina, ukufuna akuwerenge kuti utani? Mulungu anakuwerenga kale.”

“Mulungu sakankha chipale pageti.”

Sankakankhadi. Chigalimoto cha mudzi chokankha chipale chinkafika pageti langa n'kutembenuka, kundisiyira chulu choti ndifosholere ndekha. Pachisankho cha khonsolo ya mudzi ndinalibe voti. Anthu anatunga madzi pachitsime changa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, mpaka mipope yochokera mumzinda itafika mu 1978, koma m'buku muja analemba kuti madzi anabwera chifukwa cha Nettie, amene anayenda khomo ndi khomo kusainitsa anthu chikalata. Anayendadi, sindikukana. Koma asanayende ankamwa chiyani?

Musaganize kuti anali munthu woipa, zikanandiphweka. Mu Febuluwale wa 1967 matenda a mwana wanga wachitatu anandiyamba masana, kunja kuli chimphepo cha chipale choti sungaone dzanja lako lomwe, a Diedrich atatsekeredwa mumzinda. Nettie anaona kuti utsi wasiya kutuluka pachumuni changa. Anamanga chingwe choyanikira zovala pakhonde pake, mbali ina m'chiuno mwake, n'kuwoloka msewu chokwawa. Anakoleza moto, anandichiritsa, anasambitsa mwana. A Diedrich pobwera anamutcha mwanayo Annette, osandifunsa. Mwana woyamba kubadwira m'mudzi wa Ensfield, malinga ndi buku, ndi wa banja lina, wa mu Epulo. Wanga anabadwira kutsidya.

Koma nkhani ya mabanzi ndiyo imandiwawa koposa. Mwambo wa kwathu ndi wakuti mlendo akasamukira pafupi, umapita ndi mabanzi otentha, aja awiriawiri osanjikizana, asanamasule n'komwe katundu. Nettie anautenga mwambowu ngati ntchito ya boma. Vuto linali lakuti kuphika sankatha. Mabanzi ake ukanatha kukhomera nawo msomali, ndipo Corny anali ndi mano oikirira asanakwanitse zaka makumi anayi. Ndiye ankabwera kwa ine.

“Justina iwe, kwafika banja lina kuseri kwa tchalitchi, ana anayi. Tatenthetsa uvuni.”

“Alamu, ufa wa m'nyumba muno mumauyesa umagwa ndi mvula?”

“Ufa ndibweretsa. Manjawo ndi amene ndilibe.”

Ndinkakanda, ndinkaphika, iye n'kunyamula. Ulendo umodzi wokha ndinapita nawo. Mayi wa pakhomopo anandifunsa kuti ndimakhala msewu uti, ndipo ndisanatsegule pakamwa Nettie anayankha, “Awa si a muno, amakhala kutsidya.” Sananene mwachipongwe, ankangolongosola. Sindinapitenso. Mpaka lero mabanzi aja amatchedwa mabanzi a Nettie, ndipo kaphikidwe kake kali m'buku la amayi a kutchalitchi pansi pa dzina lake, ndi mulingo wa mchere wolakwika.

Popereka mabanziwo ndi pamene ankawerenga anthu. Ankafunsa kuti mulipo angati, nanga agogo akubwera liti, ndipo mayi woyembekezera ankamuwerenga mmodzi ndi theka. Boma linkachita kalembera zaka zisanu zilizonse, koma Nettie ankakhala atadziwa kale. Chaka ndi chaka, chipale chikangosungunuka, ankabwera pachikwangwani chija ndi chitini cha penti, Corny atagwirira makwerero, n'kufufuta nambala yakale. 312, kenako 870, kenako 1,640. Ine ndinkaonera pazenera la kukhitchini. Tsiku lina ndinamukuwira kuti awonjezerepo asanu a m'nyumba mwanga. Anaseka mpaka penti kudontha, n'kunena kuti akatero boma limumanga.

Mudzi unasanduka tauni, koma tauni yake yogonamo chabe. Isanakwane seveni koloko m'mawa magalimoto ankandandalika pamsewu wathu kulowera ku Saskatoon, ulendo wa mphindi makumi awiri, ndipo madzulo ankabwerera chimodzimodzi. Masana munkatsala agalu, amayi a makanda, ndi Nettie. Anagwira ntchito yokolopa pasukulu zaka makumi awiri ndi zisanu, choncho ana onse anakulira m'maso mwake makolo awo ali mumzinda. Mwana akaiwala makiyi ankapita kwa Nettie. Akadwala masana ankagona pampando wa Nettie. Anga atatu nawonso ankayamba alowa kwa azakhali awo asanawoloke msewu, n'kufika kwa ine atakhuta kale mabisiketi a m'sitolo.

Mu 1984 mwana wake wamwamuna, Alvin, anafa pangozi pamphambano yolowera mumsewu waukulu, akupita kuntchito m'mawa wa chifunga. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Nettie anakhala chete mwezi wathunthu, ndipo chete ameneyo ankandiopsa kuposa kulira. Kenako anayamba kuyenda m'maofesi, zaka zinayi osatopa, mpaka pamphambanopo anaikapo maloboti. Pamaliro a Alvin tchalitchi chinadzaza, ena anaima panja pozizira. Ndinalira ndi mtima wonse, mwanayo ndinamuyamwitsapo. Koma patapita zaka khumi ndi ziwiri, pamaliro a amuna anga, ndinapezeka ndikuwerenga mitu. Inalipo makumi anayi ndi itatu. Ndinachita manyazi, koma ndinawerenga mpaka kumaliza. Nsanje ilibe ulemu, imalowa ndi m'tchalitchi momwe.

M'zaka za m'ma 2000 tauni inakula ngati yathiridwa yisiti. Minda ya kanola inkasanduka misewu m'chilimwe chimodzi, nyumba zofanana zokhazokha, garaja patsogolo, khomo losaoneka. Poyamba ankabwera a mumzinda ofuna bwalo loseweramo ana, kenako a ku Philippines, a ku Ukraine, a ku Nigeria, a ku Punjab. Nettie, Corny wake atamwalira, ankayendabe ndi thumba la mabanzi. Ena ankamulandira ngati mayi wawo. Ena ankasuzumira pazenera osatsegula, poganiza kuti akugulitsa. Anthu atapitirira zikwi zitatu Nettie anayamba kusokonezeka powerenga, khonsolo inagula chikwangwani chatsopano chosafuna penti, ndipo ine ndinakondwa. Ndinati tsopano alaweko kukhala munthu wamba. Mwezi womwewo msewu wodutsa pakhomo pake anautcha Boschman.

Lamulo la kuno limati tauni ikafika anthu zikwi zisanu ikhoza kutchedwa mzinda. Kalembera wa mu Meyi 2011 ndiye ankayembekezeka kutifikitsa pamenepo, kapena ndinene bwino, kuwafikitsa. Nettie sankakamba china. Ankati anaona nyumba ziwiri, akufuna aone mzinda, ndipo mwa zikwi zisanuzo mmodzi akhale iyeyo.

Mu Januwale anaterereka pa ayezi pakhomo la anthu ena achilendo, mabanzi anga ali m'manja, n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anatuluka m'chipatala mu Malichi akuyendera chogwirira. Kawiri anaiwala poto pamoto. Mwana wake wamkazi, Loretta, anabwera kuchokera ku Calgary n'kudzakhala m'khitchini mwanga, jasi osavula.

“Azakhali, ndinene mosazungulira. Amayi sangakhalenso okha. Kunyumba ya okalamba ku Saskatoon kwapezeka malo kuyambira pa 1 Meyi, ndipo tikawakana sapezekanso msanga. Ine ntchito sindingaisiye. Koma inuyo mutavomera kukakhala nawo, sitiwachotsa.”

“Bwanji iwowo osabwera kuno?”

“Masitepe anuwa angawakwere? Komanso mukuwadziwa. Akuti kugona kunja kwa Ensfield mwezi wa kalembera, bola kufa.”

“Kunja kwa Ensfield,” ndinatero. “Mapazi makumi atatu kuchokera pakhomo pawo.”

“Azakhali, chonde. Kambiranani awirinu.”

Ndinawoloka Lamlungu masana, nthawi ya khofi. Kunena zoona, ndinapita nditavomera kale mumtima. Nyumba yanga inali yaikulu kwa munthu mmodzi, ana anga onse ali kutali, ndipo Nettie, ngakhale ankandipsetsa mtima, ndiye yekha wotsala amene ankakumbukira kasekedwe ka a Diedrich. Ndinali nditaganiza kale ndi zoti nditenge zomwe: bedi langa, mapoto awiri ndi mpando wa pazenera.

Ndinamupeza atayala tebulo yekha, nsalu yake mokhotakhota, soseji, chizi ndi jamu. Anali atachepa kwambiri.

“Justina, khala pansi, usaime ngati wabwera kudzalanda mbuzi. Loretta wakuuza?”

“Wandiuza.”

“Chipinda cha Alvin chili bwino, dzuwa limalowamo m'mawa. Mkonono sindiliza, ankaliza ndi Corny. Ndiye taganiza, mlamu, pa 10 Meyi a kalembera akupeza uli muno. Akuwerenga. Zaka zonsezi, mapeto ake iwenso ukhala wa Ensfield.”

Ankaganiza kuti akundipatsa mphatso. Ndinadziletsa, n'kuyamba kuthira khofi.

“Komanso meya anabwera dzana,” anapitiriza. “Akuti tsiku lolengeza mzinda riboni ndidzadula ndine, monga woyamba. Ndamuuza kuti kuyenda sindidzatha, koma mlamu wanga adzandikankha panjinga ya olumala.”

Ndinaika ketulo pansi. Ndinadziona ndili kuseri kwa mpando wake, manja pazogwirira, pachithunzi cha m'nyuzipepala mutu wanga utadulidwa.

“Alamu, ndibwera. Koma chinthu chimodzi. Mumuuze meyayo, ine ndili pomwepo, kuti nyumba yoyamba kufika kuno inali ya yani.”

Anandiyang'ana, kenako anaseka. Sikunali kuseka kwa njiru, ndipo n'chifukwa chake kunandilasa.

“Iwe Justina, zimene zija ukadali nazo? Za chumuni?”

“Ndikadali nazo.”

“Aa, nanga akukana ndani? Munafika Lachisanu, ife Loweruka. Koma munafikira kutsidya, mlamu. Mlongo wanga anaopa mphepo. Ensfield anayambira pamphepo.”

“Madzi munkamwa a kutsidya. Mabanzi munkanyamula a kutsidya.”

“Ndipo ndakuthokoza kangati?”

“M'khitchini, tili awiri. Pagulu simunanenepo.”

“Buku linasindikizidwa kale, ukufuna ndikang'ambe tsamba? Tiye tidye, khofi akuzizira. Zazing'ono izi.”

Akanati pepa. Akanati chabwino ndimuuza, ngakhale monama, ine ndikanapita kukamanga katundu tsiku lomwelo. Koma anati zazing'ono. Ndinaimirira n'kuvala jasi langa.

“Nkhuku zanga zilibe wozisamalira,” ndinatero. “Sindingasamuke.”

“Nkhuku zinayi, Justina? Uziwoloka m'mawa kukazipatsa chakudya.”

“Msewu uwu ndi waukulu, alamu. Mwanena nokha.”

Mwezi wonse wa Epulo ndinkadikira. Loretta anaimba foni katatu. Abusa anabwera n'kundiwerengera za Marita ndi Mariya, ine n'kuwauza kuti Marita ndiye ankaphika ndipo palibe anamuthokoza. Annette wanga anaimba kuchokera ku Winnipeg, akulira, kuti amayi mukuchitiranji zimenezi kwa munthu amene anakwawa pachipale chifukwa cha inu. Ndinamuuza kuti asamandiphunzitse nkhani imene ndinaiona ndi maso iye asanaone dzuwa. Chimene ndinkadikira chinali mawu amodzi ochokera kutsidya. Mwina nayenso ankadikira anga. Tinkaonana pamazenera, iye apo, ine pano, aliyense akunamizira kuthirira maluwa.

Pa 1 Meyi m'mawa galimoto ya Loretta inaima pakhomo pake. Anthu anasonkhana ambiri ndithu, ena atachedwa kuntchito chifukwa cha iye, ndipo ndinawawerenga nawonso. Ine ndinaima kuseri kwa mpanda wanga wa karagana, umene unali usanaphuke masamba oti n'kubisa munthu. Galimoto podutsa pageti langa inayenda pang'onopang'ono. Nettie anatembenukira kunyumba kwanga, dzanja atalikweza theka. Ndinabwerera m'mbuyo phazi limodzi kuti asandione.

Ndinakamuona mu Julaye, nditazengereza miyezi iwiri. Ndinamupeza akudziwa kale mayina a anamwino onse ndi a ana awo, ndiponso kuti m'nyumbamo muli okalamba makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi. Aliyense wodutsa pakhomo la chipinda chake ankasuzumira kuti amupatse moni. Mumtima ndinati, ngakhale kuno n'chimodzimodzi.

“Andiwerengera Saskatoon, mlamu,” anatero ndisanakhale n'komwe. “Anabwera ndi pepala, a mu ofesi n'kutilemba tonse pamodzi ngati nkhosa. Ine wa Saskatoon.”

Ndinayamba kukamba za mvula.

“Kuseri kwa sukulu yatsopano zafika nyumba zingati?” anandidula.

“Makumi anayi ndi imodzi. Zisanu ndi ziwiri sanalowemo anthu.”

Anandiyang'ana ndi diso lake lija. “Ndiye umawerenga.”

“Ndimangodutsako.”

“Wawapititsira kanthu?”

“Sindiwadziwa.”

“Nanga ine ndinkawadziwa?”

Za kukana kwanga sanatchule, inenso za chumuni sindinatchule. Potuluka, namwino wina anandifunsa ngati ndine mlamu wa Nettie uja wodziwa kuphika. Ndiye kuti ankanena, koma ankanena kwa anthu a ku Saskatoon, amene kudziwa kwawo sikukanandithandiza kanthu. Ndinapsa mtima ulendo wonse wobwerera, ndipo theka la mkwiyowo sindinkadziwa woti ndimupatse.

Anamwalira mu Januwale, kutatsala masabata atatu kuti boma litulutse zotsatira za kalembera. Ensfield inali ndi anthu 5,214. Anakwana popanda Nettie, anakwana popanda ine. Tsiku lolengeza mzinda riboni anadula meya, kumbuyo kwake kuli chithunzi cha Nettie chachitali ngati chitseko, iye amene pamoyo wake sankafika paphewa panga. Meyayo, mtsikana wabwino amene anasamukira kuno mu 2004, anauza khamu kuti mayi ameneyu anafika Lachisanu lina mu Meyi, nyumba yake itakokedwa ndi lole, mphepo ikuwomba. Anamupatsa ndi Lachisanu langa lomwe.

Ndikanatha kuimirira. Ndinayang'ana m'holo monse kufuna munthu mmodzi woti anene kuti mayiwa akunena zoona. A Ens anapita kale, a Diedrich anapita, Corny anapita, anyamata a lole onse anapita. Amene akanati “munafika Lachisanu, ife Loweruka” anali mmodzi yekha, ndipo ameneyo ndinamutumiza ndekha ku Saskatoon. Ndinakhala pansi mpaka nyimbo zitatha.

Chaka chotsatira mzinda unasowa malo kum'mawa, n'kuwoloka msewu. Palibe anandipempha maganizo, inangobwera kalata. Minda ya kuseri kwanga inadzaza nyumba, ndipo pamene panali nyumba ya Nettie anamangapo chipatala cha mano. Mu Meyi 2016 kunabwera kalata ina, ya kalembera, yoti ndidzilembetse pakompyuta. Ndinaisiya dala. Ndinali nditadikira nthawi yaitali kwambiri, sindikanangodina mabatani, ndinkafuna munthu aime pakhomo panga andifunse ndi pakamwa.

Anabwera mu Juni. Ndinamuonera patali akuyenda khomo ndi khomo, ndipo ndinathamanga kukavala diresi langa la kutchalitchi. Anali mayi wachitsikana waulemu, baji pachifuwa, dzina lake Marisol Abellera.

“Pepani kukusokonezani, agogo, ndi za kalembera. Mapu anga akuti mbali ino yalowa mumzinda posachedwapa, eti?”

“Yalowa.”

“Ndiye takulandirani ku Ensfield. Ife tatha zaka zisanu ndi ziwiri muno, ndife akale,” anaseka. Anandifunsa dzina ndi tsiku lobadwa, ndinamuuza. “Nanga m'nyumba muno mumagona anthu angati?”

“Ndekha.”

“Palibenso wina? Wachibale, kapena wodwala amene mukumusamalira, ngakhale amene wangochokapo kwa kanthawi?”

Ndinagwira chitseko. Anandidikira moleza mtima, cholembera chili m'mwamba, poganiza kuti agogowa akuyesa kukumbukira.

“Palibe,” ndinatero.

Analemba 1, anandithokoza, n'kupita khomo lotsatira. Zonse sizinathe ngakhale mphindi zitatu. Ndinaimabe pakhomopo ndi diresi langa la kutchalitchi, atandiwerenga.